Eyakoni yobisika kudenga: zoyenera ndi zosayenera

Eyakoni yapakhoma ili ndi mwayi. Ikada mumaiona, ikadontha mumaipukuta. Koma inzake ija yobisika m'siling'i, yotumiza mpweya m'zipinda kudzera m'mapaipi akuluakulu, imakumbukika tsiku limene dontho lagwera pa mafayilo a abwana. Ndi imene ili m'mabanki, m'mahotela ndi m'maofesi ambiri ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ndipo masiku ano yalowanso m'nyumba za ena. Inu mumangoona timazenera take kudenga, n'kumaganiza kuti kumwambako kuli mtendere.

Kumwambako kuli bokosi, ndipo m'bokosimo muli zinthu zinayi zoti muzidziwe: sefa yogwira fumbi, fani yokoka mpweya, koyilo yozizira imene mpweyawo umadutsapo, ndi thileyi yolandira madzi. Madziwo asakudabwitseni. Pamene Willis Carrier ankakonza makina ake oyamba mu 1902, ankafuna kuthana ndi chinyezi chimene chinkasokoneza mapepala pa kampani ina yosindikiza ku Brooklyn. Kuzizirako kunali basela. Mpaka lero eyakoni imafinya madzi mumpweya, malita angapo pa tsiku lachinyezi. Walira mvula walira matope.

Choncho matenda ake ambiri ndi awiri basi: mpweya walephera kudutsa, kapena madzi alephera kutuluka. Koma ife tikangotuluka thukuta, tonse ndife madokotala: "Gasi watha!" Khalani kaye pansi, abale anga, tiuzane.

ZOYENERA

1. Thimitsani magetsi pa buleka musanatsegule chilichonse. Fani ija sidziwa kuti chalacho ndi cha mwini nyumba.

2. Tsukani sefa pakatha milungu 2 mpaka 4, makamaka kuyambira Ogasiti mpaka Novembala. Fumbi la nyengo imeneyo limaifunditsa bulangete, makina n'kumapuma movutikira ngati munthu wa mphumu.

3. Itsukeni ndi madzi ofunda osapitirira madigiri 40 ndi kasopo pang'ono, muiyanike pamthunzi mpaka iume gwa. Ukonde wake ndi wapulasitiki, sufuna ukali.

4. Dziwani zenera lokoka mpweya ndi mazenera outulutsa. Ikanipo kapepala makina akuyenda: kakamatirira, pamenepo ndi pokokera, ndipo nthawi zambiri sefa yanu ili kuseri kwake.

5. Mvula isanayambe, thirani pang'onopang'ono lita imodzi ya madzi m'thileyi, mnzanu akadikire panja pamene paipi imathera. Akapanda kutuluka, ndere zatseka njira. Ngati makina anu ali ndi kapampu, mayesowa asiyireni mmisiri.

6. Onetsetsani kuti paipi yamadzi ikutsetsereka, mwina sentimita 1 pa mita iliyonse, popanda malo olendewera. Madzi sakwera phiri, akapeza dambo m'paipimo amakhazikika.

7. Muzisuzumira kukamwa kwa paipiyo kunja kuja. Mavu omanga ndi dothi amaona pamenepo ngati poloti yaulere.

8. Mukaona ayisi pa koyilo kapena pa paipi yamkuwa, lekani kuziziritsa, musiye fani yokha izungulire mpaka zonse zisungunuke. Mukatero pitani ku sefa, poti kawirikawiri mlandu ndi wake.

9. Ikani pa madigiri 24 kapena 25, mutseke zitseko ndi makatani a mbali yadzuwa. Thupi lizizira bwino, mayunitsi nawo aona kumapeto kwa mwezi.

10. Musanaimbe foni, yang'anani mabatire a rimoti, taima, ndi kachizindikiro kamene kakuoneka. Kanyenyezi kanthambinthambi ndi kuziziritsa, kadontho ndi kuchotsa chinyezi, kadzuwa ndi kutenthetsa. Ambiri alipira mmisiri chifukwa cha kadzuwa kameneka.

11. Jambulani ndi foni zilembo ndi manambala amene akuphethira pa kontirola yapakhoma. Pa Daikin, A3 ikunena za madzi a m'thileyi, U4 ikunena kuti bokosi lamkati ndi lakunja asiya kumvana. Pa Mitsubishi Electric, P5 ikunena za pampu yamadzi. Mmisiri akadziwiratu amanyamula zida zoyenera.

12. Magetsi akabwera, kapena mukangoyatsa kumene, dikirani mphindi 3 mpaka 5. Kompuresa imachedwa dala kuti idziteteze, sikuti yafa.

13. Yezani, musalote. Makina atayenda mphindi 15, ikani choyezera kutentha pa zenera lokokera, kenaka pa lotulutsira. Kusiyana kwa madigiri 8 mpaka 12 ndi umboni woti ntchito ikugwirika.

14. Werengani kachitsulo kolembedwa pa makina, mudziwe gasi wanu: R22, R410A kapena R32. Wodziwa dzina la mankhwala ake sanamizidwa kusitolo.

15. Gwiritsani ntchito khutu ndi mphuno. Kulira ngati likhweru ndi mpweya wopanikizika, kugogoda ndi fani yokhwepa, fungo la nguwi ndi thileyi yauve. Fungo la waya wopserera lokha musalifufuze, thamangirani ku buleka.

16. Kamodzi pa chaka unikani mapaipi a mpweya ndi tochi. Makoswe amakonda chofunda chake, ndipo akaboola mumakhala mukuziziritsa mileme ya kudenga ndi ndalama zanu.

17. Kwerani kudenga m'mawa malata asanatenthe, mupondetse pa matabwa okhaokha, mnzanu atagwira makwerero. Mutu umodzi susenza denga, ndipo apa mwambiwu ukunena zenizeni.

18. Itanani mmisiri wodziwa kamodzi kapena kawiri pa chaka, ulendo umodzi ukhale mu Seputembala. Atsuke koyilo, fani ndi thileyi, amange mawaya okhwepa. Mu Okutobala foni yake imakhala ikungolira osayankhidwa.

19. Sungani kakope: tsiku, dzina la wokonza, chimene wachita, gasi amene wathira. Vuto likabwerera kachitatu, kakopeko ndi kamene kadzagwire wabodza.

20. Ngati munathimitsa pa buleka nyengo yonse yozizira, yatsani magetsi maola 6 mpaka 12 musanayendetse, malinga ndi buku la makina anu. Oyilo wa m'kompuresa amafuna kufunda kaye.

ZOSAYENERA

1. Musadalire rimoti pothimitsa. Yangogoneka makina, magetsi akadali m'mawaya, ndipo wa chipinda chinacho akhoza kuyatsa dzanja lanu lili mkati.

2. Musachotse sefa n'kumayendetsa makina ali chomwecho, ati "kuti mpweya uchuluke". Fumbi lonse likamatirira pa koyilo yonyowa n'kusanduka phala, ndipo kutsuka phala limenelo ndi kwa ndalama.

3. Musaikweche ndi burashi yawaya, musaithire madzi owira, musaibwezere yonyowa. Ibooka, ipindika, kapena imera nguwi imene mudzapume nonse, kuyambira abwana mpaka mesenjala.

4. Musatseke timazenera tambiri nthawi imodzi poti m'zipindamo mulibe anthu, pokhapokha makina anu anapangidwira zimenezo. Mpweya ukasowa kotulukira, koyilo imaundana, mapaipi n'kulekana molumikizira.

5. Musapake penti pa banga lachikasu lija la pasiling'i, ndipo beseni si mankhwala. Mwangophimba chilonda, tsiku lina bolodi lonse lidzagwa pakati pa msonkhano.

6. Musalole aliyense kudula kaswichi koyandama ka m'thileyi poti "kamavutitsa". Ndi komweko kamathimitsa makina madzi asanasefukire, ndiye mukuchotsa mlonda chifukwa wakuwa kuti kwabwera akuba.

7. Musatokose paipi yamadzi ndi waya wa hang'ala, kapena kuthira asidi ndi mankhwala aukali otsukira kuchimbudzi. Waya amaboola thileyi, mankhwalawo amadya aluminiyamu wa pa koyilo.

8. Musagobe ayisi ndi mpeni kapena sikuludiraiva ngati mukutsuka firiji ya kwa agogo. Timapaipi ta koyilo ndi topyapyala, kuboola kamodzi kokha gasi yense wapita.

9. Musaike pa 16 poganiza kuti kuzizira kufulumira, mazenera ali pululu. Makina ali ndi malire a mphamvu zawo, mwangowalamula kuti asapumule, kwinaku mukuyesa kuziziritsa tauni yonse.

10. Musaike ketulo, fotokope kapena TV pansi pa kontirola yapakhoma. Ngati kachida komvera kutentha kali momwemo, kadzanamizidwa kuti chipinda chonse ndi ng'anjo, inu n'kumanjenjemera m'majekete.

11. Musathimitse ndi kuyatsanso musanalembe manambala aja, kenaka n'kumauza mmisiri kuti "yangofa basi". Kandimverere adakanena za m'maluwa, ndipo manambala a kampani ina musawamasulire ndi buku la inzake.

12. Musamangokweza buleka ikagwa. Kamodzi mukhoza kuyesa, ikagwanso ilekeni. Ikukuuzani kuti penapake pali waya wogundana, ndipo kuimanga ndi selotepi n'kuitana moto.

13. Musamati gasi watha nthawi iliyonse mukamva kutentha. Gasi wa eyakoni si wa mbaula, satha, amangozungulira m'mapaipi otseka. Akachepa ndiye kuti penapake pakutayika.

14. Musavomere "kungowonjezera" chaka ndi chaka osapeza pobooka, musasakanize mitundu ya gasi, ndipo musafufuze ndi kandulo. Mukutunga madzi ndi dengu. R32 amatha kuyaka, pamene R22 mayiko akumuthetsa potsatira Pangano la Montreal, choncho sadzatsika mtengo.

15. Musapopere perefyumu kapena mankhwala a udzudzu m'zenera lokokera. Fungo la nguwi silichoka ndi fungo linzake, ndipo mankhwala ena opopera amayaka akakumana ndi kamoto ka magetsi.

16. Musasandutse kudenga kukhala sitolo ya masutikesi ndi makatoni. Paipi yampweya ikaphwanyika chipinda chimodzi chimasanduka Nsanje, ndipo pobooka pamafuna tepi ya aluminiyamu, osati yomatira maenivelopu.

17. Musaponde bolodi la siling'i, silinapangidwe kuti linyamule munthu. Ndiponso musalole omanga kutseka kachitseko kofikira pa makina poti "kakunyansitsa": ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

18. Musapereke makina kwa msuweni wanu chifukwa anakonzapo wailesi. M'bokosi la magetsi muli makapasita osunga moto ngakhale buleka itathimitsidwa, ndipo gasi akafwamphuka amawotcha khungu ndi kuzizira.

19. Musataye buku la makina ndi risiti limodzi ndi katoni. Tsiku lofuna sipeya mudzafunsidwa nambala ya mtundu wake, ndipo "ija yoyera ija" si nambala.

20. Musalumikize eyakoni ku kajenereta kowonera mpira. Kompuresa ikamadzuka imakoka magetsi ambiri, ndipo magetsi operewera kapena odumphadumpha ndi amene amawotcha kabolodi kamkati, chinthu chodula zedi.

Malire anu ndi awa: sefa, mazenera, rimoti, paipi yamadzi, maso, khutu ndi mphuno. Pa gasi, pa mawaya ndi pa kabolodi, manja m'thumba, foni kukhutu. Palibe manyazi pofunsa, safunsa anadya phula.

Ndikudziwa kuti zambiri mwa izi mumazidziwa kale, vuto ndi loti makinawo ali kumene maso safika. Ndiye mawa m'mawa, tiyi asanapse, bwerekani makwerero, thimitsani buleka, mutsegule zenera lokokera lija. Chimene mukachipeze pa sefapo musakauze aliyense, ingochitsukani.