Kuphunzitsa Katchulidwe ka Chingerezi: Tiyambire pa Chichewa

Ambiri mwa ife tikamaliza maphunziro tidzatumizidwa kusukulu zakumudzi ngati za ku Mpingu, pamsewu wochoka ku Lilongwe kupita ku Namitete ndi Mchinji. Ana akumeneko amasewera ndi kutumidwa kumsika m'Chichewa, ndipo ambiri amamva Chingerezi m'kalasi ndi pawailesi basi. Komabe sangapeze satifiketi ya MSCE popanda kukhoza Chingerezi. Mwana akatchula mawu molakwika anzake n'kumuseka, amaleka kukweza mkono, ndipo wosayankhula saphunzira chiyankhulo.

Mfundo ya phunziroli ndi imodzi: mwana salakwitsa mwachisawawa. Amatsata malamulo a Chichewa amene pakamwa pake panazolowera. Tikawadziwa malamulowo, tidziwiratu pamene adzapunthwe.

Mavawelo

Chichewa chili ndi mavawelo asanu: a, e, i, o, u. Chingerezi chimalemba zilembo zisanu zomwezo, koma pakamwa pa Mngerezi pamatuluka mavawelo pafupifupi 20. N'chifukwa chake kwa mwana wathu "ship" ndi "sheep" amamveka chimodzimodzi, monganso "full" ndi "fool", kapena "bed" ndi "bird". Tisanamuuze kuti atchule, tiyambe taphunzitsa khutu lake. Tijambule sitima ndi nkhosa pabolodi, titchule liwu limodzi, ana aloze chithunzi. Njirayi imatheka ngakhale kalasi itadzaza, ndipo siifuna ndalama.

L ndi R

M'Chichewa zilembo ziwirizi ndi liwu limodzi. Timalemba r pambuyo pa i kapena e, monga mu "mbiri" ndi "bwera", ndipo l pena paliponse, monga mu "mbale". Wina akasinthanitsa, tanthauzo silisintha. M'Chingerezi limasintha: "pray" ndi kupemphera pomwe "play" ndi kusewera, "rice" ndi mpunga pomwe "lice" ndi nsabwe. Tiwaonetse ana kuti potchula l nsonga ya lilime imakhudza nkhama kuseri kwa mano akumwamba, koma potchula r ya Chingerezi lilime limapindikira m'mbuyo osakhudza paliponse.

Mathero a mawu

Mawu a Chichewa amathera ndi vawelo. Makolo athu atabwereka "school", "spoon" ndi "book" anawasula kukhala sukulu, supuni ndi buku. M'Chichewa amenewa ndi mawu abwinobwino, ndipo tiwauze ana choncho. Vuto limabwera akamawonjezera mavawelo poyankhula Chingerezi, "walked" n'kukhala "wokedi". Tiombe nawo m'manja powerenga maphatikizo: sukulu katatu, "school" kamodzi, "walked" kamodzinso, kuthera pa t.

Th ndi ph

Mwana amene waphunzira kuwerenga "thumba" ndi "phala" adzawerenga "think" ndi "phone" mofananamo. Timuuze poyera kuti m'Chingerezi ph nthawi zambiri ndi f, ndipo th amatchulidwa lilime lili pakati pa mano. Pano Chichewa chimatithandizanso. Zilembo p, t ndi k zikakhala koyambirira kwa mawu a Chingerezi zimatuluka ndi mpweya, ngati ph, th ndi kh athu. Anthu anazimva kalekale zimenezi, n'chifukwa chake timati khadi ndi khothi. Mwana aike kapepala patsogolo pa milomo, atchule "phala" kenako "pen", aone kapepalako kakugwedezeka kawiri konse.

Tikonze ziti?

Sitikufuna kuti mwana wa ku Mpingu aziyankhula ngati wobadwira ku London. Anthu a ku Nigeria, India ndi Jamaica amayankhula Chingerezi aliyense ndi kamvekedwe kakwawo. Chofunika n'chakuti womvera amve zimene mwanayo akutanthauza. Choncho tiyambe ndi zolakwika zimene zimasintha tanthauzo, zinazo zidikire. Mphindi zisanu tsiku lililonse zimaposa ola lathunthu kamodzi pamwezi. Pokonza, tisamuimitse mwana pakati pa chiganizo. Amalize kaye, kenako kalasi yonse ibwereze liwulo pamodzi kuti asachite manyazi.

Zoti tichite sabata ino

1. Tilembe mawu a Chingerezi awiriawiri osiyana pa l ndi r pokha, magulu asanu.
2. Tijambule mawu athu pafoni tikuwerenga magulu amenewo, mnzathu amvetsere n'kulemba zimene wamva.
3. Tipeze mawu khumi amene Chichewa chinabwereka ku Chingerezi, tifotokoze mmene lililonse linasinthira.