CHIFUWA CHOKHALITSA PA BANJA

Amayi, mukabwerera kunyumba kuchokera kuno ku sikelo, mulowe m'khitchini ndi kuyang'ana kudenga. Mudzaona mwaye wakuda bii uli lendelende ku udzu ndi ku mitengo. Mwaye umenewo unadza ndi utsi, ndipo utsi womwewo ndi umene inu ndi mwana wa kumsana mumapuma tsiku ndi tsiku pophika. Denga tikhoza kufolera lina chaka chamawa, koma mapapo akaonongeka sabwerera mwakale.

Chifuwa cha chimfine chimatha pakapita masiku owerengeka. Koma chifuwa chikakwana milungu iwiri osaleka, wodwalayo ayenera kukapimidwa ku chipatala, kaya ndi mwana, kaya ndi wamkulu. Tisamanene kuti "agogo ndi mmene amatsokomolera" kapena kuti "ndi chifuwa cha ku mtundu."

MATENDA ANAYI OBWERETSA CHIFUWA CHOKHALITSA

1. Chifuwa chachikulu cha TB. Chimayamba ndi tizilombo timene timafala mu mpweya wodwala akamatsokomola. Munthu amaonda, amatentha thupi, amatuluka thukuta usiku, ndipo nthawi zina makhololo amatuluka ndi magazi. TB imachizika. Mankhwala ake ndi aulere m'zipatala za Boma ndipo kawirikawiri amamwedwa kwa miyezi 6. Wochedwa kulandira mankhwala akhoza kuchira koma n'kutsala ndi zipsera m'mapapo moyo wake wonse.

2. Mphumu. Njira za mpweya zimatupa ndi kuchepa, choncho wodwala amabanika ndipo m'chifuwa mumalira ngati mluzu, makamaka usiku ndi m'bandakucha. Fumbi, utsi ndi kuzizira zimadzutsa nthendayi. Mphumu sipatsirana.

3. Nthenda ya utsi. Imagwira anthu amene asuta fodya kapena kuphika mu utsi wa nkhuni kwa zaka zambiri. Imayamba pang'onopang'ono. Mayi amene kale ankachokera ku mjigo ndi ndowa pamutu osapumula, tsopano amaima kawiri kapena katatu panjira chifukwa cha phuma.

4. Nthenda ya fumbi la miyala. Azibambo amene anagwira ntchito m'migodi ya golide ku Joni pa nthawi ya Wenela ndi TEBA, ena a iwo anabwerako ndi fumbi m'mapapo. Ophwanya miyala m'mbali mwa misewu ali pa ngozi yomweyi. Mapapo otere amagwidwa ndi TB mosavuta.

ZIZINDIKIRO ZA MWANA

Mwana wamng'ono satha kulavula makhololo ndiponso satha kufotokoza pamene pakupweteka. Maso a mayi ndiwo amayamba kuona. Yang'anani mzere wa pa kadi ya sikelo. Mwana wotsokomola amene mzere wake waima kapena ukutsika, amene wasiya kusewera ndipo akukana phala, akapimidwe TB, makamaka ngati m'nyumba muli wamkulu wotsokomola.

Phunziraninso kuwerenga kapumidwe. Mwana ali phee, vundukulani pamimba pake ndi kuwerenga kuti wapuma kangati pa mphindi imodzi. Akupuma mofulumira ngati:

(a) sanakwane miyezi iwiri ndipo wapuma ka 60 kapena kuposa;
(b) ali ndi miyezi iwiri kufikira 11 ndipo wapuma ka 50 kapena kuposa;
(c) ali ndi chaka chimodzi kufikira zaka 5 ndipo wapuma ka 40 kapena kuposa.

Kupuma kotere ndi chizindikiro cha chibayo. Ngati m'munsi mwa nthiti mukulowa m'kati pamene akukoka mpweya, ngati akulephera kuyamwa, akusanza chilichonse, akukomoka, kapena milomo yasintha mtundu, nyamukani nthawi yomweyo ngakhale pakati pa usiku. Musadikire kuti kuche, ndipo musataye nthawi ndi kutema mphini pa chifuwa. Chibayo chobwerezabwereza chimasiya mapapo a mwana ofooka kufikira atakula.

KASAMALIDWE KA PAKHOMO

Phikirani panja kapena m'khitchini ya mawindo. Gwiritsani ntchito nkhuni zouma, ndipo ngati mungathe pezani chitetezo mbaula imene simatha nkhuni zambiri. Pophika, tsitsani mwana kumsana ndipo wina amlere kutali ndi moto. Musagone ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka, pakuti makala amatulutsa mpweya wakupha umene suoneka ndiponso sununkha. Osuta fodya akasutire kutali ndi ana, koma chabwino koposa n'kuleka. Wazani madzi pansi musanasese.

Yamwitsani bere lokha kwa miyezi 6. Malizani katemera yense: wa BCG amene mwana amalandira akangobadwa, wa chifuwa chokoka mtima, wa chikuku, ndi wa chibayo amene anayamba kuperekedwa m'Malawi muno m'chaka cha 2011.

M'nyumba mukapezeka wodwala TB, tengerani ana onse osakwana zaka 5 ku chipatala ngakhale akuoneka athanzi, chifukwa alipo mankhwala owateteza. Wodwalayo azitseka pakamwa potsokomola, mawindo azikhala otsekula masana, ndipo amalize mankhwala ngakhale akumva bwino. Apimitsenso magazi kuti adziwe ngati ali ndi HIV, popeza matenda awiriwa amakonda kuyendera limodzi.

Wa mphumu azisunga pafupi mankhwala ake opopera m'kamwa. Mankhwalawa safooketsa mtima monga amanenera ena. Funsani anamwino akuonetseni kaperekedwe kake kwa mwana.

MAPAPO AKATHERATU

Ena amafunsa ngati munthu angapatsidwe mapapo ena. N'zotheka. Madokotala a ku America anayamba kuyesa opaleshoni yotere m'chaka cha 1963, ndipo m'chaka cha 1967 Dr. Christiaan Barnard anaika mtima wa munthu wina mwa wodwala pa chipatala cha Groote Schuur ku Cape Town. Mapapo amachokera kwa munthu amene wangomwalira kumene, ndipo amaperekedwa mwaulere ndi mwa lamulo. Si malonda, si kukhwima. Abale athu okhala ku South Africa kapena ku Britain akhoza kufunsidwa za nkhaniyi, choncho ndi bwino kuti azikambirana ndi mabanja awo akali moyo.

Kuno kwathu opaleshoni ya mapapo yotereyi sichitika, ndipo ngakhale kunjako odikira ndi ambiri kuposa ziwalo zopezeka. Mphatso imene tingapereke ife ndi magazi. Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa sapereka, koma akhoza kulimbikitsa bambo a kunyumba ndi alongo ake kuti akapereke, pakuti ana ambiri ogonekedwa m'zipatala amapulumuka ndi magazi operekedwa ndi anthu osawadziwa.

KUMBUKIRANI

Chifuwa cha milungu iwiri n'chofunika kupimidwa. Mwana wopuma mofulumira apite ku chipatala tsiku lomwelo. Utsi ukhale kutali ndi mwana. Ngati pakhomo panu pali wina amene wakhala akutsokomola, muuzeni mlangizi wa zaumoyo lero lomwe musanachoke pa sikelo pano.