Phunziro la Zaumoyo: Mwana Akamwa Soda Wopangira Sopo

Amayi anzathu, m'magulu ambiri tikupanga sopo, ndipo ndi ntchito yotithandiza. Koma soda wa kositiki amene timagwiritsa ntchito si soda uja timathira m'therere. Akasungunulidwa amaoneka ngati madzi akumwa ndipo alibe fungo. Mwana akamupeza m'botolo la Frozy kapena la Sobo amangopapira. Asidi wa m'mabatire a sola ndi mankhwala owongolera tsitsi nawonso amawotcha.

Soda amawotcha njira ya chakudya, yochokera kummero kukafika m'mimba, ndipo amalowerera mkati mwa mnofu. Bala likamapola limasiya chipsera, chipseracho chimakokana, njira n'kumachepa. Izi sizioneka tsiku lomwelo. Zimayamba pakapita masabata 3, nthawi zambiri miyezi 2 isanathe. Apa ndi pamene ambiri amapusitsika: zilonda za m'kamwa zapola, mwana wayambanso kusewera, makolo akuti wachira. Kenaka ayamba kukana nsima, afuna phala lokha, pomaliza ngakhale malovu amukanika kumeza.

Ngozi ikachitika tisamusanzitse. Tikudziwa kuti agogo adzafulumira kumupisa chala kukhosi kapena kumupatsa madzi amchere, koma soda akamabwerera amawotchanso kachiwiri pomwe anadutsa. Tisamumwetse mandimu kapena viniga poganiza kuti zichepetsa ukali wake. Zikakumana ndi soda zimatulutsa kutentha. Mafuta ophikira, makala ndi mankhwala azitsamba, ayi. Timutsuke milomo, m'kamwa ndi khungu ndi madzi ambiri, timuvule zovala zomwe zathiridwa, ndipo tisamupatse chakudya.

Tinyamuke nthawi yomweyo, ngakhale usiku, ngakhale m'kamwa mukuoneka bwino, chifukwa mkati mutha kupsa pakamwa pali posalala. Titenge botolo lija ndipo tinene zoona za chimene wamwa ndi nthawi yake. Ife amene tinagwirapo ntchito ya unamwino tikudziwa kuti manyazi amachedwetsa chithandizo kuposa mtunda. Kuchokera kuchipatala chathu cha Namwera angatitumize ku Mangochi Boma, mwinanso ku Zomba Central kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre, komwe kuli Mercy James, chipatala cha maopaleshoni a ana chimene chinatsegulidwa mu 2017. Madokotala amafuna kuunika kummero ndi kachubu ka kamera tsiku loyamba kapena lachiwiri. Pakapita masiku mnofu umafewa ndipo ungabooke.

Palibe mankhwala akumwa amene amatsimikizika kuletsa chipsera pamene bala lazama. Chothandiza ndi kutsatira masiku onse otiitana. Njira ikayamba kuchepa amaikuza pang'onopang'ono ndi timachubu, kambirimbiri, nthawi zina kwa miyezi yambiri. Ikatsekeratu pamafunika opaleshoni yaikulu. Choncho mwana akayamba kutsamwa kapena kuwonda, tibwerere naye tsiku lisanakwane.

Pagulu lanu kambiranani: tsiku lopanga sopo, ndani asunge ana kutali, ndipo soda wotsala akatsekeredwe kuti?