Mpanda Wamagetsi: Yambirani Pansi

Anzanga oweta mbuzi ndi nkhumba muno mu Tongogara, ambiri mwakhala mukundifunsa za mpanda wamagetsi. Ntchitoyi ndinaiphunzira ku Glen Norah, mumzinda wa Harare, kumene ndinkathandiza mmisiri wina kutchinga makola a nkhuku kuseri kwa nyumba.

Mpanda woyamba kumanga ndekha unandichititsa manyazi. Mu Okutobala, nthaka itauma gwa, galu analowa usiku n'kupha nkhuku za mayi wamasiye amene ankalipirira ana sukulu ndi ndalama za mazira. Waya ndi batire zinali bwinobwino. Ndinalakwa pokhoma pansi chitsulo chimodzi chokha, chachifupinso.

Mpandawu umagwira ntchito motere: makina otchedwa energiser amatumiza magetsi m'waya kamodzi pa sekondi iliyonse. Nyama ikakhudza waya, magetsi amadutsa m'thupi mwake, kulowa m'nthaka, n'kubwerera kumakina kudzera m'zitsulo zokhomedwa pansi. Nthaka youma sidutsitsa magetsi bwino, ndiye nyama siimva kanthu. Kuno dzuwa limaswa mtengo kuposa ku Harare, choncho musanagule chilichonse ganizirani izi:

1. Dziwani zimene mukutsekera m'kati ndi zimene mukuthamangitsa. Mbuzi imafuna mizere ya waya yosachepera 5. Wapansi atalikirane ndi nthaka masentimita 15, chifukwa nkhumba, galu ndi fisi amakonda kulowera kunsi.

2. Khomani zitsulo zosachita dzimbiri zosachepera 3, zolowa pansi kupitirira mita imodzi, zotalikirana mamita 3. Sankhani malo achinyezi, ndipo m'chilimwe muzithirapo madzi.

3. Sinthanitsani mizere: wina wamagetsi, wotsatira wolumikizidwa kuzitsulo zapansi. Fisi akakhudza yonse iwiri amamva ululu ngakhale nthaka ili youma.

4. Gwiritsani ntchito sola ndi batire ya 12V, kuti mpanda usazime usiku. Poyeza, mphamvu isatsike pansi pa ma volt 4,000.

5. Waya wamagetsi asakhudze mtengo kapena chitsulo. M'mangireni pa timapulasitiki. Lambulani udzu kunsi kwa mpanda, chifukwa umaba mphamvu.

Chenjezo lalikulu: musalumikize waya kumagetsi a m'nyumba mwachindunji. Zimenezo zimapha munthu. Musatumizenso magetsi m'waya waminga, poti mwana kapena chiweto chikakodwa sichingathawe. Ikani zikwangwani, uzani ana ndi anansi, ndipo pemphani chilolezo ku ofesi ya kampu musanakumbe dzenje loyamba.

Kumbukiraninso kuti mpandawu si khoma. Umangophunzitsa nyama mantha. Mbuzi zatsopano muzizilowetsa masana mukuziona, kuti ziulawe ndi mphuno kamodzi.

Tili pafupi ndi Save Valley Conservancy, kumene mpanda waukulu unawonongeka anthu ataba waya n'kupangira misampha. Mpanda wopanda mlonda sukhalitsa. Ndi bwino mabanja angapo kusonkherana, kumanga khola limodzi, n'kumasinthana kuuyendera m'mawa uliwonse. Mutu umodzi susenza denga.

Mayi wa ku Glen Norah uja ndinam'bwezera nkhuku zake pang'onopang'ono, ndipo ndinawonjezera zitsulo ziwiri pafupi ndi mpopi. Galu anabweranso, koma sanalowe.