Rauta Ili M'dzina Lanu

Ana anga a ku Namitete, Nsaru ndi Kabudula, wakutsina khutu ndi mnansi. Mukagula rauta kapena ka MiFi, yang'anani kapepala kamene anamata pansi pake kapena m'kati mwa chivundikiro. Pamenepo analembapo pasiwedi. Mlendo akhoza kukajambula pa foni inu mutapita kukamutungira madzi akumwa. Sinthani pasiwediyo tsiku lomwelo. Ndati tsiku lomwelo.

Ine ndinazengereza. Yanga ndinagula nditagulitsa mtedza, ndipo pasiwedi ndinapatsa mwana wa achimwene kuti azifufuzira za kusukulu. Iye anauza mnzake, mnzakeyo anauza anyamata a pa bawo. Kukada ndinkaona anthu atatsamira mpanda wanga, nkhope zikuwala ndi mafoni, ine n'kumati akupitidwa mphepo. Bandulo ya mwezi inkatha sabata isanathe. Ndalama ya feteleza inathera mavidiyo a eni.

Mapasiwedi ndi awiri, musaiwale. Ina ndi ya Wi-Fi. Ina ndi yolowera m'kati mwa rauta, kumene pa ma Huawei ambiri mumafika polemba 192.168.8.1, ndipo kawirikawiri imangokhala admin. Sinthani zonse. Chaka chobadwa ayi, dzina la mwana ayi. M'katimo muonanso mafoni onse amene akudya nawo. Yachilendo itsekeni, ngakhale ikhale ya alamu anu.

Tsono imvani ichi. Kuyambira 2018, MACRA inalamula kuti simukhadi iliyonse ilembetsedwe ndi chiphaso. Imene ili mu rautayo ili ndi mwini. Kaya ndi ya Airtel kaya ya TNM, kampani ikhoza kuona dzina la tsamba limene mwatsegula, nthawi yake, kuchuluka kwa data, ndi nsanja imene mwalumikizako. Mauthenga a WhatsApp singawawerenge, ngakhalenso zimene mwalemba pa tsamba loyamba ndi https. Koma kumene mwapita imadziwa. Incognito imene mumaidalira ija imangofufuta mapazi m'foni mwanu. Kukampani siifika.

Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 limalanga wotukwana ndi woopseza anzake pa intaneti. Mnyamata wotsamira mpanda uja akachita zimenezo kudzera pa rauta yanu, ofufuza akalondola nkhaniyo dzina loyamba kutulukira si lake. Ndi la amene analembetsa simukhadi. Ndipo ambiri a inu munalembetsera chiphaso cha amayi anu.