Kugwira mtima chimphona chisanadzuke

Ana akamatuluka ku vidiyo pa Manjawira, mwina munawamvapo akukangana za Hulk, chimphona chobiriwira chija chonyamula galimoto ngati dengu la tomato. Nthano yake anaipeka Stan Lee ndi Jack Kirby ku America mu 1962. Mwini thupilo ndi Bruce Banner, katswiri wa sayansi wofatsa, amene anawombedwa ndi mphamvu ya bomba loyesera. Kuyambira pamenepo, akangopsa mtima thupi limafufuma, malaya nʼkungʼambika. Ana amakondwa ndi kuphwanyako. Inu akuluakulu yangʼanani mʼmawa mwake: Banner amadzuka ali lefu, atavala nsanza, zoswekazo zili mbwee. Ku vidiyo filimu ikatha anthu amapita kwawo, koma pakhomo zosweka zimatsala ndi inu: mbale, foni, ndi mwana amene wayamba kubisala akamva mapazi anu. Nkhwangwa imaiwala, chitsa sichiiwala.

Njira imene ndikuonetseni siifuna ngakhale tambala. Imafuna mphindi 20 pa tsiku la mkangano ndi mphindi 5 tsiku lililonse zoyeserera.

Choyamba, lidziweni thupi lanu. Mu filimu ya 2008, Banner akubisala ku Brazil amavala wotchi yowerenga kugunda kwa mtima, ndipo ikayamba kulira amadziwa kuti chimphona chili pakhomo. Inu wotchi muli nayo kale. Mtima umathamanga, kumaso kumatentha, nsagwada zimalimba, manja amafumbata okha, mawu amakwera. Khalani pansi madzulo ano, mukumbukire mkangano wanu womaliza, mupeze chizindikiro chimene chinayamba kubwera. Chimenecho ndiye belu lanu. Ambiri amalakwa podikira kuti aone ngati apsadi mtima, pamenepo nthawi yatha kale.

Chachiwiri, belu likalira ikani pansi chimene chili mʼmanja, kaya ndi khasu, chikwanje, mthiko kapena foni. Kenako chokanipo, koma musachoke chamchetechete kapena momenyetsa chitseko, chifukwa mnzanu adzayesa mwano. Nenani mwachidule: "Amake mwana, mtima wanga wakwera, ndibwera tikambirane," kapena "Abambo, ndiloleni ndikatunge kaye madzi, nkhaniyi tiimaliza." Mugwirizane mawu amenewa pa tsiku la mtendere, kuti akamanenedwa winayo asakutsekereni njira kapena kukulondolani kunja. Osapita ku kachasu, pakuti mowa umamasula zimene mukufuna kumanga. Osakweranso njinga yamoto kulowa mu msewu wa M1 mutu uli wotentha.

Chachitatu, pumani mwadongosolo. Kokani mpweya ndi mphuno mukuwerenga mpaka 4, mimba ifufume, ndipo muutulutse pangʼonopangʼono ndi pakamwa mukuwerenga mpaka 6. Bwerezani kakhumi, sizipitirira mphindi 2. Kutulutsa mpweya mochedwa kumabweza liwiro la mtima. Imwani madzi, sambani kumaso, yendani mpaka kudimba, kapena palirani mizere iwiri. Thupi likatentha ndi mkwiyo limafuna mphindi zosachepera 20 kuti lizizire, choncho musafulumire kubwerera. Chenjerani ndi zinthu ziwiri apa. Musayende mukubwereza mlandu mʼmutu ndi kukonza mayankho obaya, kumeneko nʼkusonkhezera nkhuni pamoto. Ndipo musamvere onena kuti menyani khoma kapena galu kuti ukali utuluke. Mʼnthano ija Hulk akamakwiyirakwiyira mphamvu zake zimawonjezeka, ndipo dzanja lozolowera kumenya khoma tsiku lina limapeza munthu.

Chachinayi, bwererani monga munalonjezera. Kuthawa nkhani si kugwira mtima, chifukwa chosanenedwa chimafufuma ngati mtanda wa mandasi. Khalani pansi nonse, ana ali kutali, mukambe nkhani imodzi yokha. Ngati vuto ndi ndalama ya feteleza, musaukitse za maliro a chaka chatha. Yambani ndi za inu mwini: "Zinandiwawa nditapeza ndalama ija yagwiritsidwa ntchito osandiuza." Mawu oti "nthawi zonse" ndi "mtundu wanu" asiyeni. Chimodzimodzi mbuzi za aneba zikadya chimanga chanu. Musaziteme. Zimangeni, itanani mboni ione munda, mupite kwa a nyakwawa. Mukatema mbuzi, wolipira chindapusa mudzakhala inu amene munalakwiridwa.

Chachisanu, fufuzani muzu. Mʼmabuku a nthanoyi anadzaulula kuti Banner anakula ndi bambo wankhanza, ndiye kuti bomba linangotsegula chimene chinali kale mʼkati. Kwa ife nthawi zambiri pansi pa ukali pamakhala njala ya mu February, ngongole ya ku banki mʼkhonde, kusowa tulo, manyazi kapena mantha. Tengani botolo, ndipo tsiku lililonse limene mwagona osakalipa muponyemo nyemba imodzi. Tsiku limene mwaphonya musakhuthule botolo. Ingodzifunsani kuti inali nthawi yanji, munadya kapena ayi, munamwa kapena ayi. Pakatha mwezi mudzaona nokha pamene chimphona chanu chimakonda kudzukira, ndipo nkhani zolemera muziziika pa nthawi ina. Kuona maso a nkhono nʼkudekha.

Mukalakwa pepesani msanga, ngakhale kwa mwana, popanda kuwonjezera kuti "koma unandiputa ndiwe". Zikakukanikani awiri, itanani ankhoswe, abusa kapena shehe. Ngati ukali ukubwera pamodzi ndi kusagona kapena maganizo odzipweteka, kafotokozeni kuchipatala tsiku lomwelo. Koma ngati dzanja lafika kale pa thupi la munthu, imeneyo si nkhani ya kupuma mpweya ayi. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza anthu ku nkhanza za mʼbanja la 2006, ku polisi kuli Victim Support Unit, ndipo za ana mutha kuimba 116 kwaulere. Womenyedwa asadikire kuti mnzake aphunzire kaye.

Yambani lero mtima uli mʼmalo. Yesererani kupuma kuja mphindi 5 musanagone, ndipo mwana akadzabwera ndi nkhani za Hulk, muitaneni pamphasa muyeserere limodzi, nyemba ya tsikulo aponye mʼbotolo ndi iyeyo.