MTOLO UMODZI M'MALO MWA ITATU

Anthu a ku Limphasa, m'boma la Nkhata Bay, adziwika ndi mpunga wa m'sikimu ndiponso minda ya cinangwa. Cakudya cilipo, koma cophikira cace ndico ciri kusowa. Kale mai ankatola nkhuni kuseri kwa nyumba. Lero alawira m'mamawa kunka kuphiri, nabwera dzuwa liri pamutu ndi mtolo umodzi wokha. Amene alibe mphamvu za kuyenda agula, ndipo ndalama imene ikadagula sopo kapena makope a ana ithera pa moto. Bvuto lomweli liri ku Mpamba, ku Chintheche ndi ku Kande.

Kalembera wa 2018 anaonetsa kuti pa mabanja 10 ali onse m'Malawi, oposa 9 aphikira nkhuni kapena makala. M'mbali mwa nyanja nkhuni zifunikanso poocha njerwa ndi powamba nsomba. Nkhalango ya Mkuwazi ndi mapiri a Kandoli sizingapirire zonsezi. Phiri likayera, mvula ikokolola dothi ndi mcenga kutsikira nazo kudambo, ndipo ngalande za mpunga zikwiririka. Cotero nkhwangwa ya kuphiri iononga munda wa kudambo.

KUMENE MOTO UTAYIKIRA

Pa mafua atatu moto uli poyera. Mphepo, makamaka mwera, ikankhira malawi kumbali, ndipo kutentha kwambiri kuthawa kosakhudza mphika. Mai asenza mtolo wonse, koma mphika wace ulandira kagawo kakang'ono kokha.

Caciwiri ndi nkhuni zaziwisi. Nkhata Bay ndi dziko la mvula yambiri, ndipo mtengo wongodula kumene pafupi-fupi theka la kulemera kwace ndi madzi. Moto uyamba wataya mphamvu poumitsa madziwo usanaphike kanthu, ndipo khichini lidzaza utsi.

Utsi umenewo suliritsa maso pokha ai. Ulowa m'cifuwa ca mai ndi ca mwana amene ali kumbuyo, nubweretsa cifuwa ndi cibayo. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, liwerengera kuti anthu pafupi-fupi 3,000,000 amafa caka ndi caka cifukwa ca utsi wa m'nyumba. Ukaturuka panja, mpweya wace ndi mwaye zithandiza kutenthetsa dziko lapansi, ndipo kutenthako ndiko kuli kusokoneza nyengo za mvula. Mitengo yamoyo imamwa mpweya woipawo. Yodulidwa siingathenso kutero.

MBAULA ZIWIRI

Bungwe la Ripple Africa, limene linayamba nchito yace mu 2003 ku Mwaya, pafupi ndi Kande, laphunzitsa midzi yambiri ya m'boma lino kumanga mbaula yochedwa Changu Changu Moto. Imangidwa m'khichini ndi njerwa 26 zosaocha ndi dothi, ndipo iri ndi malo a miphika iwiri, wa nsima ndi wa ndiwo. Makoma ace achinga mphepo nasunga kutentha, kotero kuti timitengo tating'ono tikwanira. Mphika ukhala nji, wosagwedezeka, ngakhale pobvundula kondowole, imene ifuna dzanja lamphamvu. Mwana wokwawa sagweramonso monga agwera pa mafua.

Ina ndi Chitetezo Mbaula, youmbidwa ndi dongo nkuocha monga mphika. Iyi igulidwa kwa oumba, ndipo munthu akhoza kuinyamula kuphikira pakhonde kapena pansi pa mtengo. Mu 2013 Boma linalonjeza kuti pofika 2020 m'dziko muno mudzakhale mbaula zosunga nkhuni 2,000,000, ndipo ciwerengeroco cinakwana.

A Ripple Africa anena kuti banja limene linkatha mitolo 3 pa sabata litha mtolo umodzi likamanga Changu Changu Moto. Pa caka ndiye kuti mitolo 52 m'malo mwa 156. Mitolo 104 yotsalayo ndi maulendo 104 amene mai sadzayenda, ndi mitengo imene idzakhalabe ciimire.

ZOYENERA KUCITA MAI ALI YENSE

1. Awaze nkhuni zing'ono-zing'ono, naziumitse pa nsanja kapena pakhonde mvula isanayambe.

2. Abvundikire mphika nthawi zonse. Madzi a mumphika wobvundikira sacedwa kuwira.

3. Abviike nyemba m'madzi usiku wonse, ndipo asinje, asadzule ndi kutsuka zonse asanakoleze moto.

4. Cakudya cikawira acotseko nkhuni zina, pakuti moto waukuru sufulumizitsa madzi amene awira kale. Akatha kuphika azime zikuni ndi mcenga, zidzagwire nchito mawa.

5. Aole phulusa tsiku ndi tsiku kuti mpweya uzilowa, ndipo mbaula ikacita ming'alu aimate ndi dothi msanga.

6. Khichini likhale ndi zenera loturukira utsi. M'miyezi yozizira ya June ndi July munthu asagone ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka, cifukwa mpweya wa makala ulibe pfungo koma umapha.

DENGU LA MANKHUSU

Ku Limphasa kuli cuma cina cimene ambiri angotaya: mankhusu a mpunga. Mankhusu salola kutentha kupyola. Mai atenge dengu lalikuru, athiremo mankhusu ouma, ayalepo nsalu yakale, nasiye dzenje lokwana mphika pakati. Asokenso kamtsamiro ka mankhusu kobvundikira pamwamba. Mpunga ukawira mphindi 5, auphule ndi cibvundikiro cace, aulowetse m'dengu msanga natseke. Pakapita mphindi 40 wapsya, wosapserera. Nyemba zobviika ziwire pamoto mphindi 30, ndipo zikhale m'dengu maora 3 kapena 4, mai ali ku nchito zina kudambo. Nsima yokha ndiyo siiphikika motere, popeza ifuna kubvundula.

MAU KWA APHUNZITSI NDI MAFUMU

Aphunzitsi auze ana awerenge mitolo imene ilowa pakhomo pao sabata imodzi, nalembe m'kope. Mbaula ikamangidwa awerengenso, nafanizire. Samu yotere ikopa makolo koposa mau ambiri. Anyakwawa aitane mlangizi wa za nkhalango kuti mudzi upatule malo odzalapo mitengo ya nkhuni pa nyengo yodzala, kuyambira December kufikira April, ndipo nyumba imene yayamba kumanga mbaula iphunzitse yoyandikana nayo.

Akulu-akulu anati pang'ono-pang'ono ndi mtolo. Dothi liripo, mankhusu alipo, manja alipo. Banja limene liumba njerwa zace m'cilimwe cino lidzaphikira pa mbaula yatsopano mvula isanagwe.